Ashkenazi, Sephardi kapena cha ku Yemen: te'amim tiphunzire pa chuni chiti?

Anzanga amene mukulimbana ndi Chiheberi cha m'Baibulo, ambirife tinaphunzitsidwa zilembo ndi timadontho ta mavawelo basi, tizizindikiro tina tija tokhala pamwamba ndi pansi pa mawu anangoti tisiyeni kaye, mpaka lero tinatisiyadi. Timeneto ndi te'amim, Ayuda a ku Ulaya amati trop, ndipo si tongokongoletsa tsamba ayi. Anatilemba ndi Amasorete, akatswiri achiyuda okopera Malemba a ku Tiberias, m'Baibulo lolembedwa pamanja la Aleppo Codex ya cha m'ma 930 tilimo kale, mu Leningrad Codex ya 1008 imene BHS yathu ija, Baibulo la Chiheberi losindikizidwa ku Stuttgart, inachokera tilimonso. Timasonyeza silabo yotsindika, timadula vesi m'magawo, komanso timauza wowerenga mmene ayimbire. Tsono tizizindikiroto n'timodzimodzi kulikonse koma chuni ndiye ayi, Myuda wa ku Lithuania, wa ku Aleppo ndi wa ku Sana'a akaona etnachta yemweyo, chizindikiro chogawa vesi pakati, aliyense ayimba zakwawo. Ndiye ukafuna kuphunzira uyenera kusankha, ine ndamvetsera zitatu zonsezi kwa nthawi ndithu ndipo ndikuuzani mmene ndikuzionera.

Cha Ashkenazi, cha Ayuda ochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya, ubwino wake waukulu ndi wakuti pafupifupi chizindikiro chilichonse chili ndi kachuni kakekake, ngakhale tija tongolumikiza mawu ngati munach ndi mercha. Umaphunzira m'timagulu, "mercha tipcha munach etnachta", "mahpach pashta munach zakef katon", ukuyimba mayina awo omwewo mpaka alowe m'mutu, kenako umachotsa mayinawo n'kuikapo mawu a vesi. Kwa munthu wophunzira payekha pa foni palibe chofanana nacho, ma rekodingi ndi mbwee pa YouTube, ndipo chimalembeka bwinobwino m'manotsi, Johannes Reuchlin anachisindikiza kale m'manotsi mu 1518, moti amene munakulira m'kwaya mutha kuchitsata pa kiyibodi. Koma dziwani kuti si chuni chimodzi, zilipo zisanu ndi chimodzi: cha Torah, mabuku asanu a Mose aja, cha Aneneri, cha Torah pa Rosh Hashanah (chaka chatsopano cha Ayuda) ndi Yom Kippur (Tsiku la Chitetezo), cha Estere, cha Maliro, ndi china cha Rute, Mlaliki ndi Nyimbo ya Solomo. Cha Maliro chija mukangochimva kamodzi simudzachiiwala, chimalira chokha.

Pamene chimandikhumudwitsa ndi pa Masalimo. Mabuku atatu, Yobu, Miyambo ndi Masalimo, ali ndi dongosolo lawolawo la te'amim losiyana ndi la mabuku 21 enawo, ndipo a Ashkenazi chuni chotsata zizindikiro za mabuku amenewa chinawatayika. Ndiye ngati chimene chinakukokerani ku Chiheberi ndi Salimo 23, njira imeneyi ikusiyani panjira.

Sephardi, mwambo wa Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal umene unafikanso kumayiko a Aluya, si chinthu chimodzi, a ku Morocco ali ndi chawo, a ku Amsterdam ndi London chawonso, ine ndikunena cha ku Syria ndi Yerusalemu. Ichi chimayenda pa maqam, dongosolo la nyimbo za Aluya, ndipo Ayuda a ku Aleppo Torah amaiwerenga pa maqam Sigah. Muli mawu ena ogwera pakati pa makiyi awiri a kiyibodi, ndiye manotsi sakuthandizani kwenikweni, pamafunika khutu ndi munthu womutsatira. Wowerenga amathamanga pa mawu olumikizana kenako n'kudzakhazikika pamene pali chizindikiro chodula, apo ndiye amapinda mawu mokoma zedi, ndipo chet ndi ayin zimamveka kukhosi, pamene m'ma rekodingi ambiri a Ashkenazi ayin ndi alef zimangomveka chimodzimodzi. Masalimo, Miyambo ndi Yobu iwowa anasunga mayimbidwe ake.

Chenjerani ndi mayina, apa mpamene anthu amasokonezekera. Tipcha iwo amati tarcha, mercha amati ma'arikh, munach ndi shofar holekh, mahpach ndi shofar mehupach, izi zilibe vuto umangozolowera. Koma chimene a Ashkenazi amati pashta iwowa amati kadma, ndipo chimene a Ashkenazi amati kadma iwowa amati azla. Zizindikiro ziwirizi zimaonekanso zofanana, chikhalirecho china chimadula mawu china chimalumikiza, ndiye ukamaonera vidiyo ya uku lero ya uko mawa, dzina limodzi likutanthauza zinthu ziwiri zotsutsana iwe osadziwa.

Cha ku Yemen ndichimene ndimachikonda kumva kuposa zonse, komabe sindingauze woyamba kumene kuti ayambire pomwepo. Tichuni take ndi tochepa, zizindikiro zingapo za mphamvu yofanana zimagawana kayimbidwe kamodzi, ndiye khutu silikuphunzitsa kusiyanitsa chizindikiro ndi chinzake ngati mmene cha Ashkenazi chimachitira. Chimene anasunga iwowa ndi katchulidwe, vav amati w, tav yopanda dontho amatchula lilime lili pakati pa mano, gimel ya dontho a ku Sana'a amati j. M'sinagoge mwawo aliyense woitanidwa amawerenga yekha gawo lake, sadalira katswiri mmodzi, ndipo vesi iliyonse ikatha amabwereza m'Chiaramu kuchokera mu Targum Onkelos, kawirikawiri amene amachita zimenezi ndi mwana. Zimenezi munthu amaphunzira ali wamng'ono pamaso pa mori, mphunzitsi wawo, si za pa foni. Ambiri a iwo anasamukira ku Israel mu 1949 ndi 1950 ndipo mwambowu ukupitirira kumeneko.

Mwina mukufunsa kuti ife sitiwerenga m'sinagoge, kuyimbako n'kwachiyani. Taonani Yesaya 40:3. Tonse tinazolowera "mawu a wofuula m'chipululu" monga zilili pa Marko 1:3, koma m'Chiheberi pa liwu loti kore pali zakef katon yodula, ndiye "m'chipululu" akupita kutsogolo, mawu a wofuula, m'chipululu konzani njira ya Yehova. Ukamawerenga ndi maso okha umadumpha kachizindikiroko, ukamayimba sungakadumphe chifukwa mpweya umaima pomwepo. Kapena shalshelet, kamzere kokhotakhota kamene mu Torah yonse kamapezeka kanayi kokha, Genesis 19:16 pamene Loti akuzengereza kutuluka mu Sodomu, 24:12, 39:8 pamene Yosefe akukana mkazi wa Potifara, ndi Levitiko 8:23. Pa chuni cha Ashkenazi mawu amakwera n'kutsika katatu pa liwu limodzi lomwelo, vayema'en, anakana, ndipo aphunzitsi ambiri a Chiyuda amamva kulimbana kwa mumtima mwa Yosefe pamenepo. Ine ndimakumvanso.

Ndiye ine ndikuti yambani ndi cha Ashkenazi cha Torah chokha, osasakaniza ndi china kufikira timagulu tija mutatiloweza, chifukwa ndicho chimakukakamiza kuona chizindikiro chilichonse. Mukafuna Masalimo mudzapite ku cha ku Syria, cha ku Yemen muzingomvetsera chifukwa cha katchulidwe. Pezaninso tikkun, buku lija loika mizati iwiri moyandikana, wina uli ndi mavawelo ndi te'amim wina uli mbee ngati mpukutu weniweni wa m'sinagoge, paja mu mpukutumo mulibe chizindikiro n'chimodzi chomwe, wowerenga amabwera ataloweza. Vesi yoyambira ndi Genesis 1:1 yomweyo, mawu asanu ndi awiri okha: tipcha, munach, etnachta pa Elohim mupume, kenako mercha tipcha, mercha sof pasuk, pothera vesi.