Siling'i ya mphasa, mipando ya nsungwi ndi laimu: mmene zilili patatha chaka

Titamaliza kukonza pabalaza pathu kuno ku Lilongwe, ambiri munafunsa ngati zinthu zachilengedwezi zimalimba kapena n'zongokongola pachithunzi. Tinaika siling'i ya mphasa, makoma tinapaka laimu m'malo mwa penti wa mafuta, pansi tinayala mikeka, mipando n'kugula yoluka ya nsungwi. Pano zaona kutentha kwa Okutobala, dzinja lonse ndi fumbi la Ogasiti, ndiye ndikhoza kuyankha.

Chimene sindingasinthe ndi siling'i. Bango lili ndi mphako m'kati, ndipo mpweya wa m'mphakomo umatchinga kutentha kwa malata. Masana a Okutobala munthu umakhala pabalaza osatuluka thukuta, pamene kuchipinda chopanda siling'i kumakhala ngati mu uvuni. Mvula ikamagunda malata timamvanabe polankhula. Koma makoswe nawonso anaikonda. Mvula itangoyamba tinayamba kumva mgugu usiku, mpaka kalipentala anabwera kudzatseka mipata yonse ya pakati pa khoma ndi malata ndi waya wa sefa. Kuyambira pamenepo kuli zii. Fumbi limagwa pang'ono mukamasesa kangaude, zimenezo n'zopirira. Chosapirira ndi moto: bango louma silichedwa kuyaka, choncho mawaya onse amagetsi adutse m'mapaipi, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chotere, kaya Juni wazizira bwanji.

Mipando ndiyo yanditayitsa nthawi. Cha mu Febuluwale ndinayamba kupeza kaufa koyera pansi pa miyendo ya ina, ndikasesa m'mawa, madzulo kabwereranso. Inali itayamba kufumbwa. Bambo wina woluka mipando, osati amene anandigulitsa, anaigogoda n'kunena kuti, "Mayi, nsungwizi sanaziviike." Nsungwi yongodulidwa imakhala ndi chakudya chimene tizilombo timafuna, ndipo kuiviika m'madzi kwa masabata angapo kumachotsa chakudyacho. Tinaitsuka ndi madzi osungunuliramo borax (mankhwala a ufa opha tizilombo), kuiyanika pamthunzi, kenako vanishi. Ufa uja unasiya, koma mpando umodzi unali utapita kale. Yotsalayo ndi yolimba, yopepuka kunyamula, ndipo msana suchita thukuta ngati pa sofa. Mukamagula, funsani za kuviikako musanafunse mtengo.

Laimu ali ndi khalidwe lake. Amadetsa zovala; mlendo wovala suti yakuda akatsamira khoma amanyamuka ndi chizindikiro kumsana, ndipo ana asiya mapu a zala zawo paliponse. Komabe dzinja lonse khoma silinachite nkhungu, pomwe kubafa kumene kuli penti wa mafuta kwayamba kusupuka. Laimu amalola chinyezi kutuluka m'khoma. Ngotchipa, koma konzekani kupakanso chaka ndi chaka, mopyapyala, khoma mutalinyowetsa kaye.

Mikeka ya mlaza yapakhomo inatha msanga, yapakati ikadali bwino. Yothayo ndinakaphimbira mbewu kudimba.

Thebulo ndiye ndimanyadira. Munthu wina anandinong'oneza kuti akhoza kundipezera matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, fungo lake lokoma lija. Ndinakana. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu kuyambira 1984 ndipo m'phirimo watsala pang'ono kutheratu. Wogulitsa mobisa sanena kumene wautenga. M'malo mwake tinagula chitseko chakale cha mlombwa pa nyumba ina imene ankagwetsa, kalipentala n'kuchipala. Mabowo a mahinjesi akuonekabe, ndipo amayi anga mpaka lero amafunsa chifukwa chake tikudyera pachitseko. Sichinapindike kapena kung'aluka, ngakhale chiswe sichinayerekeze.

Chaka chino tikuika mphasa kuzipinda zogona. Kukhitchini ayi, kumeneko tiika siling'i wamba.