Sitolo ya masipeyala a Ferret: amaidziwa ntchito, koma samalani ndi marabala

Ndimakhala ku England, ndipo Loweruka lililonse ndimathandiza bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba kukonza Ferret yawo. Ndi kagalimoto kankhondo kopepuka, koyendera asilikali ofufuza komwe kuli adani. Kampani ya Daimler inkapanga magalimotowa mumzinda wa Coventry kuno ku England kuyambira 1952 mpaka 1971, ndipo onse anakwana 4,409.

Mabuleki ndiwo anativuta. Tinaitanitsa marabala ake, magasiketi ndi fanibelti ku sitolo ina yogulitsa katundu wakale wa asilikali. Mwini sitoloyo amaidziwa Ferret mpaka m'kati. Tisanalipire anatifunsa kaye nambala ya injini, chifukwa injini ya Rolls-Royce B60, ya petulo ya masilinda 6, inatuluka m'mitundu ingapo ndipo mazinga a mabawuti ake safanana. Anatichenjezanso za giyabokosi: umasankhiratu giya ndi dzanja, kenako n'kuponda chopondera kuti ilowe. Ukachiyesa kilatchi, waononga. Magiya ake ndi asanu, ndipo onse amagwiranso pobwerera m'mbuyo. Malangizo amenewa anatipatsa ulere.

Magasiketi anafika adakali m'mapepala amafuta a nthawi ya asilikali, n'kukwana bwinobwino. Koma marabala awiri anali ouma gwa, osweka m'mbali chifukwa chokhalitsa pashelefu. Zinandipweteka, poti mabuleki ndi moyo wa munthu. Anatisinthira osatsutsa, ngakhale tinadikira masabata atatu.

Mitengo ndi yokwera. Zachitsulo ndidzagulanso komweko, koma zarabala ndizifuna zopangidwa chatsopano.