py-spy: imaloza pamene script yakakamira, koma za mu database mufufuze nokha

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ku ofesi kwathu kuli script ya Python imene imatenga malipiro a makasitomala pa fayilo ya CSV n'kuwalowetsa mu database ya PostgreSQL. Fayiloyo itakula, script inayamba kuchezera usiku wonse osamaliza, ndipo kuiimitsa pakati kunali kosatheka poopa kuti deta ilowa theka. N'chifukwa chake ndinayesa py-spy, chida choonetsa pamene pulogalamu ya Python ikuthera nthawi.

Pa vuto ngati ili cProfile, chida china choyezera nthawi, ngakhale imabwera limodzi ndi Python, siikuthandizani. Imafuna muyambitsenso pulogalamu yanu kuchokera pachiyambi, komanso poti imawerenga function iliyonse ikaitanidwa, imawonjezera kuchedwako. py-spy imasuzumira ili kunja, pulogalamu ikuyendabe. Anailemba ndi Ben Frederickson m'chilankhulo cha Rust, ndi yaulere, ndipo kuiika ndi pip install py-spy basi. Code yanu simuigwira n'komwe. Mukalemba py-spy dump n'kuipatsa nambala ya process (nambala imene kompyuta imapatsa pulogalamu imene ikuyenda), nthawi yomweyo imakuuzani fayilo, function ndi mzere umene script yaimapo. Mukalemba py-spy record, imasuzumira ka 100 pa sekondi iliyonse n'kukutulutsirani flame graph, chithunzi cha SVG chimene mumatsekula mu browser. Kabokosi kotambalala kwambiri ndi komwe kakudya nthawi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba n'chaching'ono: pa Linux imakana ndi mawu akuti Permission denied mpaka muyambe ndi sudo (lamulo lokupatsani mphamvu za woyang'anira makina), ndipo mkati mwa container ya Docker imafunanso SYS_PTRACE, chilolezo chosuzumira pulogalamu ina. Kuwonjezera SYS_PTRACE kumafuna kuyambitsanso container, chinthu chomwe mumachithawa poyamba paja. Njira yachidule ndi kuiyendetsa muli kunja kwa container, pa makina enieniwo.

Chachiwiri ndicho chingakusokeretseni. py-spy siiwerengera nthawi imene pulogalamu yangokhala kudikirira, pokhapokha muiuze. Tsono script imene yatumiza query n'kumadikira yankho la database, kwa py-spy ndiye kuti ikupuma. Chithunzi choyamba chimene ndinapeza chinkaonetsa ngati vuto lili pa kuwerenga CSV ndi kusintha madeti, zinthu zomwe sizinali kutenga nthawi n'komwe. Nditawonjezera --idle, yoiuza kuti iwerengerenso nthawi yodikira, chithunzi chinasinthiratu: pafupifupi chonse chinadzaza ndi mzere wa code woitana cursor.execute ya psycopg2 (library yolumikiza Python ndi PostgreSQL), mkati mwa loop imene inkafunsa database kamodzi pa mzere uliwonse wa fayilo ngati kasitomala ameneyo alimo kale. Aliyense wolemba ma script a database, --idle ameneyu aziyamba naye. Ine ndikanakonda py-spy ikanamachenjeza yokha ikaona kuti nthawi yambiri yapita pa kudikira.

Ikakufikitsani pa mzere umenewo, py-spy yamaliza mbali yake. Siidziwa SQL, ndipo chimene query ikuchedwera sichiikhudza. Ndinatenga query ija n'kuiyesa ndi EXPLAIN ANALYZE (lamulo loonetsa mmene database ikuyendetsera query) mu psql, pulogalamu yolembamo malamulo a PostgreSQL, ndipo inaonetsa Seq Scan, kutanthauza kuti PostgreSQL inkawerenga tebulo lonse la makasitomala pofuna munthu mmodzi, poti pa nambala ya foni panalibe index, kalozera wothandiza database kupeza mzere mwachangu. Samalani pano anzanga: EXPLAIN ANALYZE imayendetsadi query, siimangoyerekeza ayi, choncho ngati ndi UPDATE kapena DELETE, yambani ndi BEGIN n'kutsiriza ndi ROLLBACK kuti zosinthazo zisasungidwe. Titaika index n'kusintha kuti mizere izilowa m'magulu kudzera mu execute_values ya psycopg2, ntchito yochezera usiku ija tsopano imatha tiyi asanazizire.

Amene muli ndi script ya Python yomwe yangoti zii pa seva, yambani ndi dump. Ngati code yanu imadalira kwambiri ma library olembedwa mu C, onjezerani --native kuti ionetsenso za mkati mwa ma library amenewo, ngakhale imeneyi siigwira pa makina onse.