Chevening, Commonwealth kapena DAAD: kodi Mmalawi wofuna digiri yachiwiri kunja agogode khomo liti?

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira kumayambiriro kwa chaka chinacho, anthu ambiri amene anamaliza digiri yoyamba ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi KUHeS amakhala ali kalikiliki kudzaza mafomu a sikolashipi zolipira zonse. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri amalemba nkhani imodzi yofotokoza za iwo eni, n'kumaitumiza kulikonse kumene amva kuti kwatsegulidwa, akungosintha dzina la bungwe pamwamba. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sikolashipi zitatu zimene Amalawi timazithamangira kwambiri, Chevening ndi Commonwealth za ku Britain ndi ya DAAD ya ku Germany, zonse zimalipira ulendo wa ndege ndi ndalama yodyera mwezi ndi mwezi ndipo kawirikawiri simulipira fizi, koma iliyonse imafuna munthu wa mtundu wake, kotero kuti nkhani imene ingakondweretse osankha a uku imatha kuoneka yopanda mutu kwa osankha a uko.

Chevening ndiyo yotchuka koposa. Inayamba mu 1983, ndalama zake zimachokera ku unduna woona za kunja wa boma la Britain, ndipo imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi pa phunziro lililonse, ku yunivesite iliyonse ya ku Britain. Ufulu wosankha phunziro lililonsewu ndiwo ubwino wake waukulu, chifukwa mtolankhani, loya, katswiri wa zaluso kapena wogwira ntchito ku banki ali ndi mwayi wofanana ndi wa dokotala kapena mlangizi wa zaulimi. Wofunsira ayenera kukhala atagwirapo ntchito zaka ziwiri, zomwe iwo amaziwerengera kuti ndi maola 2,800, ndipo ntchito yongodzipereka kapena yophunzirirapo nayonso imawerengedwa. Mumasankha maphunziro atatu pa fomu, koma kufunsira malo ku mayunivesitewo ndi udindo wanu, ndipo pofika cha mu Julayi muyenera kukhala ndi kalata yokulandirani yopanda zotsalira zilizonse kuchokera ku imodzi mwa izo. Mukamaliza maphunziro mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.

Komabe mtima wa Chevening uli pa nkhani zinayi zimene mumalemba: ya utsogoleri wanu, ya mmene mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, ya chifukwa chimene mwasankhira maphunzirowo, ndi ya zimene mudzachite mukabwerako. Apa mpamene Amalawi ambiri timagwera, osati chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa tinaleredwa kuti kudzitchula wekha pa zabwino ndi matama. Munthu amene anayambitsa banki m'khonde m'dera lake, kapena amene anakakamira mpaka chipatala chaching'ono chinayamba kusunga mankhwala mwadongosolo, amalemba kuti "tinagwira ntchito limodzi ndi anzathu", pamene osankha akufuna kumva chimene iyeyo anachita, amene anamutsutsa, mmene anawakopera, ndi chimene chinasintha pambuyo pake. Boma la Britain likufuna anthu amene m'tsogolo muno adzakhale m'maudindo kwawo ndipo adzakhala abwenzi a dzikolo, ndiye chifukwa chake magiredi apamwamba paokha sapambanitsa munthu. Amene adutsa gawo la zolembalemba amaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa gulu la osankha kudzera ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe, ndipo mafunsowo amabwerera pa nkhani zinayi zomwe zija, choncho amene anachita kulemberedwa ndi mnzake amaonekera poyera pomwepo. Ngati ndinu munthu wachete amene mphamvu yanu ili mu labotale kapena m'mabuku, ndipo simunatsogolerepo chinthu chooneka, ndikuona kuti nthawi yanu mungaigwiritse bwino kwina.

Kwinako, poyamba, ndi ku Commonwealth. Ndalama zake nazonso n'zochokera ku boma la Britain, koma maso a osankha ali pa zinthu ziwiri: mmene munakhozera digiri yoyamba, ndi mmene phunziro lanu lidzathandizire chitukuko cha dziko lanu. Amafuna digiri yokhoza bwino, ya mulingo umene ku Britain amautcha 2:1, kapena yotsikirapo pang'ono ngati muli ndi pepala lina la maphunziro apamwamba, ndipo mumayenera kusonyeza kuti simungathe kudzilipirira nokha. Phunziro lanu liyenera kugwa pansi pa umodzi mwa mitu isanu ndi umodzi ya chitukuko, monga sayansi ndi luso lamakono, kulimbitsa ntchito zaumoyo, ulamuliro wabwino ndi mtendere, kapena kupirira ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nkhani yofunika kwambiri pa fomu yawo ndi yofotokoza vuto lenileni la kwanu, amene adzapindule ndi maphunziro anu, ndi mmene phindulo lidzayezedwere. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene akudziwa bwino za kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Shire, ndipo akufuna kuphunzira za kasamalidwe ka madzi, ali ndi nkhani yamphamvu kuno ngakhale atakhala kuti sanakhalepo bwana wa aliyense.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Commonwealth ili ndi makomo awiri osiyana a digiri yachiwiri. Khomo loyamba, lomwe limatseka cha mu Okutobala, limafuna kuti bungwe lovomerezeka likusankheni kaye ndi kutumiza dzina lanu ku London. Kwathu kuno ntchitoyi imagwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za anthu ogwira ntchito, ya DHRMD, kuphatikizapo mabungwe ena ochepa omwe si aboma, ndipo kudzaza fomu ya pa intaneti yokha popanda kudzera kwa osankhawa ndi kutaya nthawi. Khomo lachiwiri ndi Commonwealth Shared Scholarship, lomwe limatseka cha mu Disembala. Apa ndalama amasonkherana ndi mayunivesite, ndipo ndi yunivesite yomwe imasankha anthu, osadzera ku boma lathu. Kuipa kwake n'kwakuti mumangosankha pa maphunziro amene alembedwa pa mndandanda wa chaka chimenecho, ndiponso amene anaphunzirapo kapena kugwira ntchito chaka chathunthu m'dziko lolemera saloledwa. Koma kwa wachinyamata amene anakhoza bwino kwambiri, wangomaliza kumene, ndipo maola 2,800 a Chevening sanawakwanitse, khomo limeneli ndi limene ndingamulozere poyamba.

Tsono DAAD, bungwe la ku Germany, ili ndi sikolashipi zambiri, koma imene ikufanana ndi ziwiri zija ndi ya EPOS, yolipira maphunziro okhudza chitukuko. Kusiyana kwake koyamba n'kwakuti simufunsira ku ofesi ya kazembe kapena ku boma, koma mumatumiza mapepala anu mwachindunji ku phunziro limene mwasankha, ndipo aphunzitsi a phunzirolo ndiwo amayamba kukuunikani. Mungasankhe maphunziro osapitirira atatu, mowasanja kuyambira limene mukulifuna koposa, ndipo lililonse lili ndi tsiku lake lotsekera. Pa mndandanda wawo pakhala pakupezeka maphunziro monga a chuma cha ulimi ku Hohenheim, a zaumoyo wa anthu ku Heidelberg, a nkhalango za m'madera otentha ku Dresden ndi a mphamvu zongowonjezereka, monga za dzuwa ndi mphepo, ku Oldenburg. Ambiri mwa maphunzirowa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ngakhale kuti nthawi zambiri amakuphunzitsani Chijeremani pang'ono musanayambe, chokuthandizani kumsika ndi ku maofesi.

DAAD nayonso imafuna zaka ziwiri za ntchito, koma imaumirira kuti ikhale ntchito yogwirizana ndi phunzirolo, yogwiridwa mutamaliza digiri yoyamba, ndipo digiriyo kawirikawiri isakhale itapitirira zaka 6. Lamulo lomalizali limatsekera kunja anthu ambiri amene anadikira nthawi yaitali asanaganize zobwerera kusukulu, pamene Chevening ilibe malire a zaka za munthu. A ku Germany amakhwimitsanso kwambiri pa mapepala: kalata ya kuntchito iyenera kukhala pa pepala la bungwe, yosainidwa ndi yodindidwa chidindo, ndipo kuphonya kanthu kamodzi kotere kumatha kugwetsa munthu woyenera. Sakufunsani kuti mudzionetse ngati nduna ya mawa. Akufuna kuona injiniya, katswiri wa nkhalango kapena wa zaumoyo amene akudziwa ntchito yake ndipo akudziwa chimene chikumupereŵera.

Kutalika kwa maphunziro ndi nkhani imene ndikufuna tiiganizire mofatsa, pakuti ambiri amangoona kuti chaka chimodzi n'chabwino chifukwa ubwerako msanga. Digiri ya ku Britain imayamba mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo pomwe mukuzolowera kuzizira, kalembedwe kawo ndi malamulo awo okhwima oletsa kukopera ntchito ya ena, mayeso oyamba amakhala atafika kale. Kafukufuku womalizira amachitika m'miyezi itatu yokha. Kwa munthu amene ali pa ntchito yabwino, amene bwana wake sangamudikire nthawi yaitali, kapena amene wasiya ana aang'ono kunyumba, chaka chimodzi chimenechi ndi dalitso. Koma maphunziro ambiri a EPOS amatenga zaka ziwiri, ndipo amapereka nthawi yokwanira yochita kafukufuku wozama, mwinanso kubwera kudzatolera zofufuza kwanu konkuno. Amene cholinga chake ndi kudzaphunzitsa ku yunivesite kapena kupitiriza mpaka PhD amapindula kwambiri ndi zaka ziwirizo, chifukwa amachoka ndi kafukufuku wooneka komanso aphunzitsi omudziwa bwino amene angadzamuchitire umboni.

Pa nkhani ya banja, Chevening siipereka ndalama ya mkazi, mwamuna kapena ana. Commonwealth imapereka kenakake kothandizira ana kwa kholo lomwe likulera lokha, ndipo DAAD imatha kuthandiza banja pa zifukwa zina. Ngakhale zili choncho, ndalama ya pamwezi m'sikolashipi zonsezi anaiwerengera munthu mmodzi wokhala modziletsa, choncho ndi bwino kuuziratu achibale kuti simukupita kuntchito, makamaka ngati mukupita ku London komwe lendi imadya gawo lalikulu la ndalamayo.

Palinso ndalama zimene sikolashipi yolipira zonse siikulipirirani, chifukwa zimafunika musanasankhidwe. Pasipoti, mapepala a magiredi ochokera ku yunivesite yanu, mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, komanso ndalama yofunsira malo imene mayunivesite ena a ku Britain amalipiritsa, zonsezi zimatuluka m'thumba mwanu, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamodzi ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, mtolowu walemera kwambiri. Chevening inasiya kufuna mayeso a Chingerezi payokha, koma yunivesite imene mwasankha ikhoza kuwafunabe, kotero n'chanzeru kufufuza mayunivesite amene amalandira kalata yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi, ndiponso amene salipiritsa pofunsira malo. Wopita ku Britain kuchokera ku Malawi amayeneranso kuyezedwa chifuwa chachikulu cha TB asanapatsidwe viza.

Zilipo zina zoyenera kuzitchula mwachidule. Beit Trust imathandiza nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zokha, ku mayunivesite ena a ku Britain ndi ku South Africa, choncho mumapikisana ndi anthu a maiko atatu basi, ngakhale kuti malo ake ndi ochepa. Erasmus Mundus ya European Union imakuphunzitsani m'maiko osachepera awiri, imapereka ma yuro 1,400 pamwezi, ndipo maphunziro ake ambiri safuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito, koma mumapikisana ndi dziko lonse lapansi. Fulbright ya ku America, imene imadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, ndi yabwino kwa okonda kafukufuku, koma imatenga nthawi yopitirira chaka kuchokera pofunsira kufikira ponyamuka, imafuna mayeso a TOEFL ndipo kawirikawiri a GRE, oyesa luso la masamu ndi Chingerezi, komanso malamulo a viza ya ku America kwa Amalawi anakhwimitsidwa mu 2025, kotero funsani kaye ku ofesiyo musanawononge ndalama pa mayeso.

Kwa amene akugwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe a boma, nkhani ya tchuthi cha maphunziro muiyambe msanga, musanalandire n'komwe yankho, pakuti chilolezo chimadutsa m'maofesi angapo ndipo nthawi zambiri chimabwera ndi pangano loti mudzagwire ntchito zaka zingapo mukabwerako. Chimodzimodzinso makalata a umboni: mphunzitsi amene anakuphunzitsani zaka zisanu zapitazo ali ndi ophunzira mazana, choncho mulembereni mu Juni kapena Julayi, mumukumbutse kuti ndinu ndani ndi phunziro limene anakuphunzitsani, mumutumizire CV yanu, ndipo mumuuze momveka kuti kalatayo ikupita ku sikolashipi iti, chifukwa umboni wa ku Chevening uyenera kunena za utsogoleri wanu, pamene wa ku Commonwealth ndi ku DAAD uyenera kutsindika luso lanu pa maphunziro ndi pa ntchito.