Ndemanga pa dipatimenti yojambula odwala imene inapeza chuku m'mapapo mwa achimwene

Papita nthawi ndikufuna kulemba za dipatimenti yojambula odwala ya pachipatala china cholipira mu Johannesburg, kumene achimwene anga anagonekedwa kumapeto kwa June 2021, pamene mtundu wa Delta wa kachilombo ka korona unavuta kwambiri m'chigawo cha Gauteng. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa m'mawu angawa muli zoyamikira ndiponso zodandaula, koma ndikhulupirira kuti zimene tinaona zingathandize mabanja ena amene wodwala wawo wagwidwa ndi chibayo chimene sichikumva mankhwala.

Achimwene, amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri, analowa m'chipatala akubanika, ndipo anawaika pa mpweya wa okosijeni ndi kuwapatsa dexamethasone, mankhwala amene kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anasonyeza mu June 2020 kuti amapulumutsa odwala Covid-19 ofunika mpweya. Sabata yoyamba inatipatsa chiyembekezo, koma m'sabata yachiwiri thupi linatenthanso, makhololo anayamba kutuluka ndi timagazi, ndipo mankhwala opha mabakiteriya anasinthidwa kawiri popanda kusintha kulikonse. Masiku amenewo achibale sitinkaloledwa kulowa m'wodi, choncho zonse tinkazimvera pafoni ya alamu anga.

Chithunzi choyamba chinali cha X-ray, chojambulidwa ndi makina oyenda pa mateyala amene amafika pabedi la wodwala. Pa ntchito imeneyi ndilibe dandaulo, popeza anabwera msanga ndipo sanamusunthe munthu amene ankavutika kupuma, koma chithunzicho sichinatiuze chachilendo, chifukwa mapapo onse awiri ankangooneka oyera mbuu monga amaonekera mwa odwala ambiri a Covid-19. X-ray imaunjikiza zonse za m'chifuwa pa chithunzi chimodzi, ndiye kachotupa kakang'ono kamabisala mosavuta kumbuyo kwa chifunga chimene kachilombo kabweretsa kale. Dokotala wa mapapo anapempha sikani ya CT, imene imajambula chifuwa m'magawo opyapyala ambirimbiri ngati mmene munthu amadulira buledi, ndipo apa m'pamene ntchito ya dipatimentiyi inaonekera bwino.

Kumutengera wodwala wopatsirana matenda ku makina a CT ndi chintchito, chifukwa amayenda ndi silinda ya mpweya, ogwira ntchito amavala zodzitetezera, ndipo chipindacho chimayenera kutsukidwa iye akatuluka. Anayamba ayeza magazi kuti aone ngati impso zingapirire mankhwala a ayodini amene amalowetsedwa mumtsempha, popeza ankafunanso kuona ngati magazi sanaundane m'mitsempha ya m'mapapo, vuto limene limachitika kawirikawiri pa matendawa. Achimwene amasimbabe za mayi wojambula amene, ataona kuti sangathe kugwira mpweya kwa nthawi imene makina amafuna, anayeserera nawo kangapo mosathamanga mpaka anakwanitsa, ndipo anawachenjezeratu kuti amva kutentha thupi lonse mankhwalawo akamalowa. Munthu amene akubanika amachita mantha ndi chilichonse, ndipo ndimawathokoza mayi amenewo ndi mtima wonse ngakhale sindinawaonepo.

Chimene ndikuchiyamikira koposa ndi lipoti la dokotala wowerenga zithunzi. Analemba kuti kuwonjezera pa chifunga cha chibayo cha kachilombo, panali tizotupa tingapo ndiponso mphako imodzi kumtunda kwa papo lakumanja, ndipo zoterezi si kaonekedwe kozolowereka ka Covid-19 payokha. Kenaka anatchula zinthu zitatu zimene zingachititse zimenezi: chuku cha mtundu wa Aspergillus, chifuwa chachikulu, kapena thumba la mafinya lobwera ndi mabakiteriya, ndipo ananena mosabisa kuti chithunzi pachokha sichingasiyanitse zitatuzi, choncho pakufunika kutenga madzi a m'mapapo kukayeza. Pa nthawiyo alamu anakhumudwa, chifukwa ankayembekeza kuti makina okwera mtengo chotero apereka yankho limodzi. Ine ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti kuona mtima kumeneko n'kumene kunatithandiza, pakuti kwathu kuno ku Africa munthu akaona mphako kumtunda kwa papo maganizo amathamangira ku TB, ndipo achimwene akanatha kuyambitsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pamene mdani weniweni akupitiriza kudya papo.

Ife a ku Malawi chuku timachidziwa pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndipo chimenecho kawirikawiri ndi Aspergillus flavus, chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Chimene chimavuta kwambiri m'mapapo ndi mbale wake, Aspergillus fumigatus, chopezeka m'dothi ndi m'zinyalala zowola, ndipo timbewu take tonsefe timatipuma tsiku ndi tsiku popanda kudwala, chifukwa thupi limatichotsa. Koma kachilombo ka chimfine choopsa kapena ka korona kakasupula khungu la m'kati mwa njira za mpweya, mankhwala ngati dexamethasone n'kufooketsa chitetezo, shuga nayenso n'kukwera, chuku chimapeza pomera. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika Aspergillus fumigatus m'gulu la chuku choopsa kwambiri pa mndandanda wake woyamba wa matenda otere.

Madokotala anawalowetsa achimwene kapaipi kokhala ndi kamera m'njira za mpweya, natsuka chigawo chimene sikani inaloza, ndipo apa ndinamvetsa phindu lina la chithunzicho, loti chinauza dokotala malo enieni okatungako madziwo. Mayeso a GeneXpert sanapeze TB, mayeso a galactomannan, chinthu chochokera m'khungu la chuku, anatuluka okwera, ndipo patapita masiku angapo chuku chinamera m'labotale. Achimwene anayamba kulandira mankhwala opha chuku a voriconazole, amene anawavutitsa maso masiku oyambirira, moti ankaona kuwala kwachilendo, ndipo chiwindi chawo chinkayezedwa pafupipafupi.

Zodandaula zilipo, ndipo yoyamba imandipwetekabe. Sikani inajambulidwa Lachisanu madzulo, koma lipoti lathunthu linafika kwa dokotala wa mapapo Lolemba m'mawa, chifukwa amene anali pa ntchito usiku anangotsimikiza kuti magazi sanaundane, zina zonse n'kudikira. Ndikudziwa kuti ogwira ntchito anali atatopa ndi kuchuluka kwa odwala, komabe pa matenda amene amakula msanga chotere masiku awiri ndi ambiri. Chachiwiri ndi ndalama, pakuti dipatimentiyi inatumiza bilu yakeyake yosiyana ndi ya chipatala, ndipo palibe amene anatiuziratu kuti inshuwalansi ya kuntchito kwa achimwene siilipira yonse. Lipoti nalonso linalembedwa m'Chingerezi cha madokotala okhaokha, popanda ngakhale chiganizo chimodzi chimene banja lingamve.

Patatha masabata asanu ndi limodzi ndinawaperekeza kukajambulitsa kachiwiri, ndipo titapempha, dokotala wowerenga zithunzi anatilola kulowa m'chipinda chake chamdima. Anaika zithunzi ziwirizo pa makompyuta awiri oyandikana, akuyendetsa chala pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa chifuwa kutsika m'munsi, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti mphako ija yachepa ndiponso tizotupa tambiri tazilala. Anatifotokozera kuti mabuku amaphunzitsa zizindikiro ziwiri za chukuchi, kachotupa kozunguliridwa ndi chifunga ngati mwezi wa usiku wa mitambo, ndi kampata ka mpweya kopindika ngati mwezi wongokhala kumene, koma zizindikirozi zimaoneka kwambiri mwa odwala khansa ya m'magazi amene asilikali awo a m'thupi atha, pamene mwa odwala chibayo cha kachilombo nthawi zambiri sizioneka konse. N'chifukwa chake iye amayang'ana chilichonse chatsopano chimene sichikugwirizana ndi mmene wodwala amayenera kuchirira. Mphindi khumi zimenezo zinatichotsera mantha a miyezi iwiri, ndipo ndikanakonda dipatimentiyi ikanamapereka mwayi wotere kwa banja lililonse popanda kudikira kuti lipemphe.

Kwa amene angandifunse ngati ndingatumizekonso m'bale wanga, ndikuyankha kuti inde, malinga afunsiretu za mtengo ndiponso za tsiku limene lipoti lituluke, makamaka ngati akujambulidwa kumapeto kwa sabata. Sikani ya CT ili ndi cheza champhamvu kuposa X-ray kambirimbiri, choncho ndinakondwera kuti sanatikakamize kujambulitsa kachitatu popanda chifukwa. Potuluka anatipatsa zithunzi zonse pa CD pamodzi ndi malipoti awiri osindikizidwa. Achimwene atabwerera ku Malawi anapita nazo kwa dokotala amene amawaona za shuga, ndipo chaka chotsatira, pamene X-ray ina inasonyeza chipsera kumtunda kwa papo lakumanja, zithunzi zakalezo n'zimene zinathandiza kutsimikiza kuti chipseracho n'chakale ndipo sichikukula.