Thanki ya bayogasi yomangidwa ndi njerwa: imayeretsa madzi oipa mpaka pati?

Mwa njira zosamalira madzi oipa ochokera m'zimbudzi ndi m'makola a nkhumba, thanki ya bayogasi yokwiriridwa pansi, ya denga lozungulira la njerwa ndi simenti, ndiyo ndimalimbikitsa kwa oyendetsa sukulu zogonera komweko ndi alimi a ziweto. Kamangidwe aka kanafala kwambiri ku China m'zaka za m'ma 1970, ndipo ubwino wake ndi woti sikafuna magetsi.

Ntchito yonse imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala bwino pamene palibe mpweya wa okosijeni. Magulu ena a mabakiteriya amaphwanya zonyansazo nkuzisandutsa asidi, kenako gulu lomaliza la tizilomboto limasandutsa asidiyo kukhala gasi wophikira, amene magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse ndi methane, gasi amene amayaka. Matope otsalira amakhala ochepa poyerekeza ndi njira zoyeretsera madzi oipa popoperamo mpweya, ndipo fungo limachepa kwambiri. Poyamba thanki imathiridwa ndowe za ng'ombe zosakaniza ndi madzi, chifukwa m'ndowemo ndi momwe muli kale tizilomboto.

Komabe gulu lomalizali ndi losachedwa kufooka, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri sauzidwa zoona. Limakonda kutentha kwa pafupifupi madigiri 35, choncho m'madera ozizira ngati Dedza gasi amachepa mu June ndi July. Mankhwala a chlorine otsukira zimbudzi amalipha, ndipo mukathira zonyansa zambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka, moto wa pa mbaula nkuyamba kuzilala.

Chomwe chimandidetsa nkhawa koposa ndi madzi otuluka kumapeto. Amisiri ena amati ndi oyera, koma si choncho: amakhalabe ndi amoniya, tizilombo toyambitsa matenda ndi mazira a njoka za m'mimba. Sayenera kulunjika mumtsinje kapena kuthiriridwa pa masamba odya osaphika, koma adutse kaye m'dziwe la miyala lodzalidwa bango, kapena athiriridwe pa nthochi ndi mitengo.

Musanalipire mmisiri ndalama zomaliza, muuzeni ayese pamaso panu ngati denga silikutaya gasi, popeza ming'alu yaing'ono ya pulasitala ndiyo imalepheretsa mathanki ambiri, ndipo muonetsetse kuti paipi ya gasi ili ndi malo otsika otayira madzi omwe amasonkhana mkati mwake.