Thanki ya malita 450 ndi yabwino, koma nsomba zake sankhani nokha

Sitolo ina yogulitsa nsomba zokongoletsa m'nyumba mu Blantyre muno ili ndi thanki yagalasi ya malita 450, yotalika masentimita 150, yomwe ikugulitsidwa pamodzi ndi fyuluta yosefera madzi, hita yotenthetsera madzi ndi nsomba zosakaniza. Thankiyo payokha tilibe nayo dandaulo: galasi ndi lokhuthala, m'makona anamata mwaukhondo. Mungodziwa kuti ikadzaza madzi ndi miyala imaposa theka la tani, choncho tebulo wamba lingathyoke.

Vuto lili pa nsombazo. Akuphatikiza mbuna, angelfish ndi goldfish, chikhalirecho zitatuzi sizingakhalire limodzi. Mbuna ndi za m'miyala ya nyanja ya Malawi, zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) pakati pa 7.8 ndi 8.6, ofunda madigiri 24 mpaka 28. Goldfish imakonda madzi ozizirirapo, ndipo angelfish, yochokera ku Amazon, imasambira mwaulesi moti mbuna zimaing'amba zipsepse.

Pemphani mbuna zokhazokha, zapakati pa 20 ndi 25, za mitundu itatu yosiyana maonekedwe, chifukwa yaimuna imalimbana kwambiri ndi iliyonse yofanana nayo. Labidochromis caeruleus, yachikasu ija, ndi yofatsa, yoyenera kuyambira. Melanochromis auratus isiyeni, ndi yolusa. Pa yaimuna imodzi pakhale zazikazi zitatu kapena zinayi. Yaikazi ikakhala imodzi imathamangitsidwa mpaka kufooka, makamaka pa milungu itatu imene imasunga mazira m'kamwa osadya. Kuchulukana kumathandizanso, poti yolusayo imasowa imodzi yoti iziisaka. Miyala unjikani ikhale ndi mapanga ambiri, yapansi igunde pagalasi musanathire mchenga, popeza mbuna zimakumba ndipo mulu ukhoza kugumuka. Pansi mukhoza kuwonjezerapo nkholokolo zitatu.

Fyuluta yomwe akupereka ndi yochepa mphamvu kwa nsomba zochuluka chonchi. Gulani yachiwiri kuti zonse pamodzi zizizunguza malita osachepera 2,000 pa ola. Hita musaichotse: chiperoni cha Juni ndi Julayi chimaziziritsa madzi usiku. Kapampu ka mpweya ka batire n'kofunikanso, chifukwa magetsi akazima kwa maola angapo nsomba zimabanika, ndipo mabakiteriya oyeretsa madzi a mu fyuluta amayamba kufa.

Ogulitsa ake ndi aulemu ndipo amalola kusintha nsomba, koma sanena kuti thanki yatsopano imafuna milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti mabakiteriya osintha amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, akhazikike. Mukathira nsomba zonse tsiku loyamba, amoniyayo amaziwotcha makha. Lipirani, nsombazo mukatenge nthawiyo ikakwana. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndiye thiranimo mankhwala ochotsa klorini nthawi iliyonse mukusintha gawo limodzi mwa magawo anayi, kamodzi pa mlungu.

Chakudya chomwe akupereka pamodzi ndi thankiyo ndi chanyama kwambiri. Mbuna zambiri zimadya ndere, ndipo chanyama chikachuluka zimatupa mimba n'kufa. Sinthanitsani ndi cha ndere ya spirulina musanatuluke m'sitolomo.